Kuchokera pa Zenera Kufika pa Gwafa

Tsiku loyamba limene Wamauta anakhala pa tebulo lija, anaphetsa anzake onse.

Masewera ake ndi ofotokozerana nkhani. Munthu mmodzi amafotokoza dziko longopeka, ena onse aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, amanena chimene akufuna kuchita, kenako dayisi imagamula ngati chatheka kapena ayi. Amasewera Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonza mafoni, ndipo pa tebulopo munthu amaitanidwa dzina la m'masewera. Mwini shopu ndi Msing'anga. Mtsikana woluka tsitsi pa saluni yoyandikana nayo ndi Mbala. Wotsogolera nkhani, mnyamata wamtali amene polankhula manja ake sakhala pansi, ndi Mfotokozi.

Tsiku lijalo Mfotokozi anati chinjoka chili pa mtunda wa mamita makumi atatu. Wamauta anamva nambala yaikuluyo n'kuganiza kuti chilombocho chili kutsidya kwa phiri. Anauza anzake kuti akhale pansi ayambe adya kaye. Chinjoka chinangotambasula khosi n'kuwawotcha onse ali ndi chakudya m'kamwa.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma Mfotokozi sanaseke kwambiri. Anaona manyazi a Wamauta, mtsikana watsopanoyo, n'kunena kuti wolakwa ndi iye. Kuyambira pamenepo anasiyiratu za mamita. Wosewera watsopano akabwera, ankayamba wamufunsa kumene amakhala, kumene amagwira ntchito ndi njira imene amayenda, ndipo mtunda uliwonse wa m'nkhani ankauyeza pa malo amene munthuyo amawadziwa. Kwa Msing'anga, mdani ankakhala ngati kuchokera pa kauntala kufika pa chitseko cha kumsewu. Kwa Mbala, dzenje linkakhala ngati kuchokera pa galasi kufika pa beseni lotsukira tsitsi.

Kwa Wamauta ndiye mafunso anachuluka kuposa mmene masewera amafunira. Iyenso ankayankha kuposa mmene wafunsidwira. Zinthu zotere zimathera kumodzi, ndipo izinso zinathera komweko.

*

Kuseri kwa nyumba ya kwawo kwa Wamauta kunali mpanda wa waya, ndipo kunja kwa mpandawo kunkadutsa kanjira pansi pa mtengo wa gwafa. Zenera la kukhitchini linayang'ana mtengowo. Pambali pake panali zenera la kuchipinda kwa amayi, koma katani yake inkakhala yotseka, komanso amayiwo ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti makutu awo anayamba kufooka.

Wamauta, amene kale ankathawa mbale ngati zili ndi minga, mwadzidzidzi anayamba kukonda kutsuka. Alamu ake, mkazi wa achimwene ake, anadabwa, koma ndani angakanize munthu amene wadzipereka yekha pa sinki?

Madzulo ena akutsuka, anamva kakhweru ka Mfotokozi pa gwafa paja. Anatseka mpopi.

"Wachedwa," ananong'ona.

"Ndimadikira achimwene ako alowe m'nyumba. Aima pa geti ngati mlonda wa m'nkhani zanga."

"Ukanaponya dayisi."

"Ndinaponya. Ndapeza chimodzi."

Wamauta anadzitseka pakamwa ndi dzanja la thovu kuti asaseke mokweza. Koma Mfotokozi sanapitirize nthabwala. Anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri n'kunena zimene anabwerera. Kampani imene ankagwirako inali kumusamutsira ku mzinda wina, kutali, ndipo anayenera kunyamuka mwezi wamawa.

"Sindikufuna kupita ndekha," anatero. "Ndikufuna tikwatirane, unditsatire. Koma sindikufuna kukuba ngati katundu wa Mbala. Ndikufuna abale ako andidziwe."

Mtima wa Wamauta unadumpha ndi chimwemwe, kenako unagwa. Chimwalirireni bambo awo, mawu omaliza m'nyumbamo anali a achimwene ake, dalaivala wa lole amene ankakhulupirira kuti mwamuna aliyense woyang'ana mlongo wake ali ndi mlandu. Achimwenewo akakana, Wamauta ankadziwa kuti sangachoke pakhomo ali ndi mkwiyo wawo kumbuyo. Anam'lera ndi iwo, sukulu anam'phunzitsa ndi iwo.

"Ndipatse nthawi ndiwafewetse," anatero. "Iwe usachite chilichonse."

"Koma yankho lako?"

"Yankho langa ukulidziwa. Choka apo, agalu a aneba ayamba kukudziwa dzina."

*

Nthawi imene anapemphayo sanaipeze. Lachinayi alamu ake anabwera kuchokera ku saluni ali ndi tsitsi latsopano komanso nkhani yatsopano, ndipo pofika madzulo achimwene anali atamva kuti mlongo wawo amatchova juga ndi amuna m'kachipinda kamdima.

Wamauta anathamangira kuchipinda n'kutenga foni kuti alembere Mfotokozi uthenga.

"Achimwene akubwera Loweruka. Sindikuseka."

Yankho linabwera msanga. "Kudzasewera kapena kudzandithyola?"

"Akuti akufuna kuona ndi maso awo. Mbala wauza alamu anga kuti timatchova juga."

"Mbala? N'chifukwa chiyani?"

Wamauta anayang'ana funsolo n'kupukusa mutu. Mnyamata wodziwa kutalika kwa khosi la chinjoka ankalephera kuona mtsikana amene amamuyang'ana mwachikondi pa tebulo lomwelo kwa chaka chathunthu.

"Ndidzakufotokozera ukadzakula," analemba. "Tamvera. Za ife sakudziwa kanthu. Akakukonda pa masewera, zinazo zidzaphweka. Ukamawayezera mtunda, uziyezera pa lole yawo. Za kunyumba usatchule, ngakhale geti. Iwe kwathu sunafikeko."

"Kwanu n'kuti? Sindikudziwako."

"Ndiye choncho."

*

Achimwene anafika atavala malaya ositidwa ngati akupita kukhoti. Anayang'ana mashelefu a mafoni akufa, anayang'ana mapu ojambulidwa pa pepala lalikulu, anayang'ana zitsekerero za mabotolo zimene zinkaimira anthu a m'nkhani. Pomaliza ananyamula dayisi n'kuitembenuza ngati akufuna kuinunkhiza.

"Wopambana amatenga chiyani?"

"Palibe chimene amatenga, achimwene," anayankha Mfotokozi. "Tikapambana timapambana tonse, tikafa timafa tonse."

"Ndiye anthu akuluakulu mumangokhala pano kumanamizana?"

"Eya, akulu," anatero Msing'anga. "Koma timanamizana mwadongosolo."

Achimwene sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pakati pa mlongo wawo ndi Mfotokozi, n'kupinda manja. Mfotokozi anawapatsa chitsekerero chofiira n'kuwauza kuti iwo ndi Wanyundo, wosula zitsulo wamphamvu ngati ng'ombe. Nkhani ya tsikulo inali yakuti Msing'anga wagwidwa n'kutsekeredwa m'chipinda cha pansi pa linga la adani, ndipo anzake ayenera kukam'tulutsa alonda asanadzuke.

"Kutsogolo kwanu kuli mtsinje, mlatho wake unagwa," anayamba Mfotokozi. "M'lifupi mwake, achimwene, muli ngati lole yanu limodzi ndi ngolo yake."

"Yodzaza kapena yopanda katundu?"

Mfotokozi anaima kaye. "Kutalika kumasintha?"

"Sikusintha. Ndimafuna kudziwa ngati ndikulankhula ndi munthu woganiza." Anafunyulula manja. "Pamenepo munthu sangadumphe. Pali mtengo pafupi?"

"Ulipo, koma ndi waufupi. Ukulekeza pa matayala a kumbuyo a ngolo."

"Ndiye watsala pang'ono. Ndiugwetse, chotsalacho tidumpha. Ndipatseni kanthu kanuko."

Anaponya dayisi. Inagubuduka n'kuima pa nambala yaikulu, ndipo Mfotokozi anafotokoza mmene mtengo unagwera ndi chiphokoso, madzi n'kuthovoka mpaka kunyowetsa ndevu za Wanyundo. Achimwene anapukuta chibwano chawo osazindikira. Wamauta anaona zimenezo ndipo anayang'ana pansi kuti asaphulike.

Kuchokera pamenepo munthu uja anasungunuka ngati mafuta pa moto. Khoma la linga linali lalitali ngati malole awiri osanjikizana, ndipo anadzuka pa mpando kuyang'ana kudenga kuti alione. Alonda anali kutali ngati mzere wa malole odikira pa sikelo, ndipo anauza mlongo wawo kuti asataye muvi, pamenepo sungafike. Atamva kuti mpata wa pakati pa miyala ndi wocheperapo kuposa chitseko cha kabini, anakoka mimba n'kunena kuti alowa chammbali. Batani la pakhosi analimasula. Anayambanso kumuitana Mfotokozi kuti mphwanga.

Wamauta anali wosangalala moti ankaopa kupuma mokweza. Pansi pa tebulo miyendo yake inkangovina yokha. Mmodzi yekha amene sankaseka anali Mbala, amene ankangozunguza chitsekerero chake ndi chikhadabo chachitali, maso akuyenda pakati pa Mfotokozi ndi Wamauta.

*

Anafika m'bwalo la linga. Msing'anga anali kuseri kwa kazenera ka zitsulo, Wanyundo atabisala kuseri kwa ngolo ya udzu, ndipo pakati pawo mlonda anali kusinza pafupi ndi kasupe wa madzi.

"Ndikufuna ndimuuze achoke pa khomapo ndisanaliswe," anatero achimwene. "Ndikanong'ona amva?"

"Mtunda wake uli ngati kuchokera pa kabini kufika pakati pa ngolo."

"Ayi, mphwanga, pamenepo wandisokoneza. Pa lole munthu sanong'ona. Injini ikamalira timakuwa, ikazima timagona. Sindikukuona kumeneko."

Mfotokozi anayang'ana m'chipindamo kufuna poyezera, koma kachipindako kanali kakang'ono kwambiri.

Mbala anamwetulira koyamba tsiku limenelo. "Apezereni malo opanda phokoso, Mfotokozi. Malo amene iwo amawadziwa bwino. Paja inu simusowa chitsanzo."

Wamauta anayesa kumuponda phazi pansi pa tebulo, koma pakati pawo panali miyendo ya achimwene. Ndipo Mfotokozi akalowa m'nkhani amaiwala dziko. Maso ake anawala, manja anakwera m'mwamba.

"Ndapeza! Achimwene, taganizani kuti mwaima pa gwafa paja, kuseri kwa mpanda. Kazenerako ndi zenera la kukhitchini kwanu. Mtunda wake ndi womwewo ndendende. Mukanong'ona amva bwinobwino, bola mpopi ukhale wotseka. Mpopi ukamatuluka madzi simumvana, ndiye kasupeyu..."

Mawu anamuthera m'kamwa. Manja anatsala m'mwamba.

Kushopu foni ina inalira n'kusiya yokha. Msing'anga anayamba kuwerenga chizindikiro cha pa botolo lake mwachidwi chachikulu. Wamauta analakalaka chinjoka cha tsiku loyamba chija chitabweranso kudzamaliza ntchito.

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono.

"Gwafa wa kuseri."

"Eya, achimwene."

"Mpopi ukhale wotseka."

"Eya, achimwene."

"Ine ndakhala m'nyumba imeneyo chibadwire, koma zoti mpopi umasokoneza manong'onong'o sindimazidziwa. Iwe unazidziwa bwanji?"

Mfotokozi anatsitsa manja n'kuwaika pa tebulo. Wamauta ankayembekeza kuti apeka nkhani, poti kupeka ndiye luso lake. Koma iye anawayang'ana achimwenewo m'maso.

"Ndimaima pamenepo, achimwene. Mlongo wanu ndimamukonda. Ndimaopa khomo la kumaso chifukwa pamakhala inu."

Msing'anga anatsamwa ndi chakumwa chake. Achimwene anayang'ana mlongo wawo, ndipo Wamauta sanabise nkhope.

"N'zoona, achimwene. Inenso ndimamukonda."

"N'chifukwa chake mbale za kwathu zikuwala chonchi masiku ano."

Palibe amene anadziwa ngati n'kololedwa kuseka. Achimwene anagogoda tebulo ndi chala. Kenako anatambasula dzanja.

"Dayisi."

"Achimwene?"

"Munthu ali m'ndende uko akudikira. Za gwafa tikamba, koma sindisiya mnzanga m'manja mwa adani chifukwa cha inu awiri. Kasupeyo angatsekedwe?"

"Wamauta akhoza kulasa chotsekera chake," anatero Mfotokozi ndi mawu aang'ono.

"Ameneyu kutseka mipopi ndiye katswiri. Lasa, iwe."

Wamauta anaponya, ndipo muvi unalasa. Madzi anasiya. Wanyundo ananong'ona, Msing'anga anamva n'kuchoka pa khoma, nyundo inagwa, khoma linagumuka, ndipo onse anathawa alonda akuwathamangitsa mpaka pa mtengo wa pa mtsinje uja. Achimwene anamenya tebulo ndi chimwemwe mpaka zitsekerero zinadumpha, kenako anakumbukira kuti ndi okwiya n'kumanganso batani la pakhosi.

Podzuka anatenga chitsekerero chofiira chija n'kuchiika m'thumba la malaya.

"Nyundo yanga musaipereke kwa wina," anatero osayang'ana munthu. "Iwe, tiye kunyumba."

Pakhomo Wamauta anakumana ndi Mbala, amene ankavutika ndi zipi ya chikwama chimene chinali chotseka kale.

"Wakondwa?" anafunsa Wamauta.

"Ine anandiyezera pa beseni basi," anatero Mbala osadzutsa mutu. "Chaka chonse, galasi ndi beseni. Iwe mpaka gwafa."

Wamauta anali atakonza mawu olasa, koma anawameza. Anaona kuti maso a mnzakeyo anali atafiira.

*

Atafika kunyumba, achimwene sanalowe m'nyumba. Anazungulira mpanda, nakaima pansi pa gwafa ndi malaya awo ositidwa aja, n'kuitana mkazi wawo kuti aime pa zenera la kukhitchini.

"Tsegula mpopi. Tsopano nong'ona."

Alamu anayang'ana Wamauta ngati akufunsa ngati amuna awo adwala, komabe ananong'ona.

"Sindikumva. Tseka mpopi. Bwereza."

"Chokani pamenepo, aneba akuonani, nkhalamba inu," ananong'ona alamu.

"Nkhalamba ndani?"

Alamu anagwira sinki ndi kuseka. Wamauta nayenso analephera kudzigwira, anaseka mpaka misozi, mantha ndi chimwemwe zitasakanikirana. Achimwene anayang'ana pansi pamene udzu unali utaphwanyika ndi mapazi a munthu mmodzi, anayang'ana zenera, n'kugwedeza mutu.

"Mnyamatayo sanama," anatero. "Ndinamufunsa, wandiyankha m'maso. Akanapeka nkhani ndikanamuthyola pomwepo." Anathyola gwafa mmodzi n'kumupukuta pa malaya. "Sindinavomere kanthu, wamva? Koma umuuze kuti nyumba ino ili ndi khomo la kumaso. Kuchokera pa geti kufika pa khomolo ndi pafupi kuposa apa, ndipo kulibe udzudzu."

"Achimwene!" Wamauta anatulutsa manja pa zenera ngati angawakumbatire pamtunda wonsewo. "Zikomo, achimwene!"

"Ndati sindinavomere. Tidzamuona pang'onopang'ono. Chaka chino, chaka chamawa, sitikuthamangira kulikonse."

Wamauta anabweza manja ake mkati. Chaka chamawa? Anatsegula pakamwa kuti apeze poyambira nkhani ya kusamuka, koma asanatulutse mawu, panamveka kukwekwereza kwa mphete za katani. Zenera la pambali linatseguka, ndipo amayi anatulutsa mutu, magalasi ali pamphuno.

"Mwamaliza kuyeza?" anafunsa. "Muyezenso kuchokera pa gwafapo kufika pa zenera langa. Mupeza kuti ndi pafupi kuposa kukhitchini."

"Amayi," anatero Wamauta, "paja makutu anu..."

"Makutu anga amafooka anthu akamandikuwira. Zonong'ona ndimamva bwino kwambiri." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya katani. "Mnyamatayo ndimamukonda. Amaseketsa, ndipo sanakupemphepo kuti udumphe mpanda. Koma umuuze abwere Loweruka, adzakhale pa mpando wa bambo ako, adzandiuze za mzinda umene akufuna kukutengerako mwezi wamawa."

Gwafa uja anaima panjira yopita kukamwa kwa achimwene.

"Mzinda uti? Akusamuka ndani?"

Amayi anavalanso magalasi aja. Maso awo anali pa mwana wawo wamkazi, ndipo tsopano sankamwetuliranso.

"Asadzandiuze makilomita, mwana wanga, ine manambala sindiwaona. Adzandiyezere mmene amayezera anthu atsopano aja, pa zinthu zimene ndimazidziwa. Ndikufuna ndiuone ndi maso anga mtunda umene akufuna kuika pakati pa iwe ndi ine. Ndikadwala n'kunong'ona dzina lako pa zenera lino, adzandiuze ngati udzamva."

Katani inatsekedwa. M'thumba la Wamauta foni inanjenjemera, ndipo ataitulutsa anaona uthenga wa Mfotokozi.

"Zili bwanji kumeneko? Ndili moyo kapena ndafa?"

Kunja kwa mpanda achimwene anali atataya gwafa uja, ndipo anali kubwera mofulumira kuzungulira nyumba, kulunjika ku khomo la kukhitchini.